PA BENCHI: Musanakuwe kuti "wakuba!", yambani mwaitana mnzanu

Sabata ino za ndale ndaziika pansi pa benchi. Ndabwera ndi nkhani ya amayi anayi amene andigonetsa mochedwa mwezi wonse uno.

Masiku ano kuli mabuku omvera. Munthu wina amawerenga buku lonse mokweza, n'kujambula mawu ake, iwe n'kumangomvera pa foni ngati muja timatcherera khutu Sewero la Sabata Ino pa MBC. Manja ali pa ntchito, nkhani ikulowa. Amene ndamvera ine ndi a m'Chingerezi, ndiye ndati ndikubenthulireniko.

Mtundu umene wandikoka ndi wa amayi ofufuza milandu popanda yunifomu, popanda unyolo, popanda mfuti. M'nkhani zimenezi mulibe zoonetsa magazi kapena kuthamangitsana pa galimoto. Muli tiyi, macheza, ndi munthu wodekha amene amaona zimene ena azidumpha.

Woyamba ndi Miss Marple, gogo wa ku England amene anamupeka mayi Agatha Christie. Buku lake loyamba lathunthu linatuluka mu 1930, ndipo onse pamodzi alipo 12. Gogoyu sanakwatiwepo, amakhala m'kamudzi kotchedwa St Mary Mead, ntchito kuluka majuzi ndi kumva za eni. Apolisi amamuona ngati nkhalamba yamiseche. Koma iye akaona munthu wachilendo amakumbukira wina wa m'mudzi mwake wa khalidwe lomwelo, basi wamudziwa.

M'buku la 1942, The Body in the Library, mnzake Dolly Bantry akudzutsidwa m'mawa ndi wantchito kuti m'chipinda cha mabuku muli mtembo wa mtsikana wosadziwika. Apolisi aitanidwa, inde, koma Dolly akuimbira foni mnzake Marple. Akudziwa kuti mlandu ukapanda kutha, mudzi wonse uzinong'ona kuti mwamuna wake ndiye anapha, ndipo bamboyo adzafa ndi manyazi anthu akumuzemba pa msewu. Marple atafika akuyang'ana izi: diresi yakutha imene mtsikanayo wavala, ndi zikhadabo zake zolumaluma. Zinazo ndisakuuzeni, mungandide.

Awiri enawo ndi a kwathu konkuno ku Africa. Mma Precious Ramotswe ndi wa ku Gaborone, m'dziko la Botswana, ndipo anamupeka Alexander McCall Smith, mzungu wobadwira ku Bulawayo mu 1948. Buku loyamba, The No. 1 Ladies' Detective Agency, linatuluka mu 1998, ndipo pano apitirira 20. Ambiri mwa omverawo anawawerenga ndi Lisette Lecat, mayi wobadwira ku South Africa, amene amatchula "Mma" mokoka bwino.

Bambo ake a Mma Ramotswe anatha mapapo m'migodi ya ku Joni, ngati agogo athu a Wenela aja. Pomwalira anamusiyira ng'ombe, iye n'kugulitsa, n'kutenga ndalamazo ngati mpamba wotsegulira kaofesi kofufuza milandu. Sukulu ya ntchitoyo sanapiteko. Analemba sekilitale, Mma Grace Makutsi, mtsikana wosauka wa magalasi aakulu amene anakhoza 97 pa 100 ku sukulu ya usekilitale, koma maofesi ankamudumpha n'kumatenga atsikana okongola. Anayamba ngati bwana ndi wantchito, mapeto ake anasanduka pachibale. Amatsutsana, amanyanyalitsana, koma mlandu uliwonse amaukambirana kapu ya tiyi ili m'manja.

Tamverani umodzi. Mayi wina wapantchito yabwino akudandaula kuti kwabwera bambo amene akuti ndi atate ake otayika kalekale, ndipo akungodya n'kumalamula pakhomo. Mma Ramotswe akuvala za unamwino, n'kuthamangira kwa bamboyo: mwana wanu wachita ngozi, pakufunika magazi ambiri a kholo lake, ndipo mwina inu simudzukanso. Aaa! Bambo uja pompo anaulula kuti si mwana wake. Mlandu watha, palibe wamenyedwa.

Tsono chimene ndakambira zonsezi ndi ichi. Mwezi wathawu azakhali anga, amene amagulitsa usipa mumsika wina m'tauni muno, anasowetsa K60,000 ya chipereganyu. Inali ya anthu khumi, yoti aipereke madzulo omwewo. Anapisa m'kachikwama, mulibe. Anakhuthula dengu, mulibe. Maso onse anagwera kamnyamata kogulitsa majumbo kamene kanaima pa benchi yawo m'mawa. Wina anali atakagwira kale kolala, wina akuvula lamba. Inu mukudziwa bwino zimene zimatsatira mawu akuti "wakuba" akamveka mumsika. Ena sadzukanso.

Anapulumutsa mwanayo ndi mayi wa tomato wa benchi yoyandikana, amene akhala limodzi ndi azakhali zaka zambiri, kusungirana malo, kusinthirana ndalama, kulererana ana. Sanakuwe. Anangoti, "Asisi, taimani kaye. M'mawa munavala chitenje chobiriwira. Ichi chofiirachi mwavala nthawi yanji?"

Azakhali anagwira pakamwa. Mvula ya m'mawa inawanyowetsa pooda usipa, anasintha chitenje, chonyowacho n'kuchiponya m'thumba pansi pa benchi. Ndalama zonse zinali pa mfundo yake, zili phee. Kamnyamata kaja kanapita kakulira, malaya atang'ambika, ndipo ogwira kolala aja palibe ndi mmodzi yemwe anapepesa. Azakhali ndiwo anakafuna mawa lake n'kukagulira malaya ena pa kaunjika.

Mayi wa tomatoyo za Miss Marple sanazimvepo, koma ntchito ndi yomweyo: kuona diresi, kuona chitenje, kufunsa funso limodzi mtima uli pansi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo taonani, anatha kufunsa chifukwa amawadziwa azakhali mpaka zitenje zawo. Mlendo sakanaona kanthu. Azakhalinso anamvera chifukwa anali mnzawo, akanakhala wina akanamuyankha kuti, "Mukumuikira kumbuyo, mwagawana eti?"

Abambo timakonda kuseka kuti amayi a mumsika n'ngamiseche. Komatu amayiwa ndiwo amadziwa amene waoda pa ngongole, amene mwana wake wadwala, amene wayamba kuvala nsapato zoposa geni yake. Nkhani zimenezi mukazimwaza musanafufuze, zimapha munthu. Mukazisunga n'kuunguza ndi mnzanu wokhulupirika, zimapulumutsa.

Kwa olemba athu ndi a mawailesi ndikuti: amayi otere adzaza ku Limbe, ku Tsoka, ku Mzuzu ndi ku Zomba. Tilembereni awiri, wina wa usipa wina wa tomato, muwajambule m'Chichewa, timvere tikupanga milu. Ogula alipo.

Inu a pa benchi, ndalama ikasowa, yambani mwaitana mnzanu, mufunsane. Kukuwa kuzibwera pomaliza.

Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola. Basela musamaiwale.