Thandizo la fizi lisamathere pa malire a chigawo

A Mkonzi,

Ndikudandaula ndi malamulo a thandizo la fizi m'zigawo za dziko la America, omwe akupweteka ana a mabanja osapeza bwino, kuphatikizapo ana a Amalawi okhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana. Ndalama za boma lalikulu, za Pell Grant, zomwe mu 2024 zinkafika madola 7,395 pachaka, zimamutsata mwana kuchigawo chilichonse komwe wapeza malo. Za zigawo zambiri zimaima pamalire. Frank O'Bannon Grant imagwira ntchito makamaka m'makoleji a ku Indiana, Cal Grant ku California, TAP ku New York. Mwana wa ku South Bend akapeza malo pa Andrews University ku Michigan, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto, thandizo lakwawo limatsala, ngakhale kuti madzulo aliwonse akugona m'nyumba ya makolo ake, ndipo makolowo akudulidwabe msonkho wa Indiana pamalipiro awo. Akasankha yunivesite ya boma ya chigawo china ndiye zimafika poipa. Kumeneko amamulipiritsa fizi ya mlendo, nthawi zambiri yowirikiza kawiri kapena katatu, ndipo kukhalako miyezi 12 sikumusandutsa mwini dera ngati chidamubweretsa ndi sukulu.

Oikira kumbuyo malamulowa amati msonkho wa chigawo uyenera kulimbikitsa masukulu a komweko, komanso kuti mwana akaphunzira kutali sabweranso. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Georgia poyambitsa HOPE Scholarship mu 1993 inkafunanso kuti ana ake anzeru asamathawire kwina. Koma taonani yemwe lamuloli limamugwira. Mwana wa dokotala amawoloka malire popanda kufunsa aliyense, pakuti makolo ake alipira okha. Wotsekeredwa ndi mwana wa mayi wosamalira okalamba usiku wonse, yemwe ayenera kusankha pakati pa kusiya maphunziro omwe amawafuna ndi kusenza ngongole yoti adzaibweze mpaka imvi. Chomvetsa chisoni n'chakuti thandizolo adalikhazikitsira mwana ameneyu.

Ena amati kumasula ndalamazi kungagwetse thumba la chigawo. Chigawotu sichingawononge zoposa zomwe chikadamupatsa mwanayo akadaphunzira kwawo, bola chiike malire pa kuchuluka kwa ndalamazo. Ndipo njirayi si yongoganizira. Vermont imalola ana ake kupita ndi thandizo lawo kumakoleji a zigawo zina. Pennsylvania imalola ku zigawo zochepa zomwe idagwirizana nazo, monga Ohio ndi Delaware, ngakhale ndalama zake zimachepa. Minnesota ndi Wisconsin ali ndi mgwirizano woti ana awo asamalipire fizi ya mlendo akawoloka malire.

Amalawi amene ali nzika kumeneko ndipo amaponya voti awafunse aphungu a nyumba ya malamulo ku Indianapolis kuti Frank O'Bannon Grant iyambe kugwira ntchito m'zigawo zoyandikana nazo za Michigan, Ohio, Illinois ndi Kentucky.

Wokhudzidwa ndi maphunziro a ana