Luso Nalo Limacita Dzimbiri

Ambiri a ife timakweza ana athu m'minibasi ya ku Chelstone pa City Market osafunsa ngati dalaivala anagona tulo tokwanira, kapena ngati maso ake akali kuona bwino. Komatu kupitirira Chelstone pang'ono kuli bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, kumene mafunso oterewa ali lamulo.

Woyendetsa ndeke sapatsidwa ulendo mwacisawawa. Ciphaso cake cimachula mtundu wa ndeke umene anaphunzira, ndipo sangagwire mtundu wina asanaphunzirenso ndi kuyesedwa. Kuti akhale kaputeni wa ndeke yaikulu yonyamula anthu, ayenera kukhala atauluka maola osacepera 1,500. Pogawa maulendo, kampani imawerenga maola a munthu aliyense kuti apumule mokwanira, ndipo watsopano amamkhazika pambali pa mkhalakale.

Ngakhale mkhalakaleyo samkhulupirira ndi pakamwa pokha. Malamulo a bungwe la ICAO, amene dziko lathu limatsata, akuti amene sananyamutse ndi kutsitsa ndeke katatu m'masiku 90 apitawo asanyamule anthu. Kawiri pa caka amayesedwa, nthawi zambiri m'cipinda ca makina cofanizira ndeke, mmene aphunzitsi amazimitsa injini dala kuti aone cimene adzacita. Dokotala amampima caka ciliconse. Akafika zaka 60 amampima miyezi 6 iliyonse. Pa zaka 65 amaleka kuyendetsa ndeke za anthu zopita kumaiko ena.

Ife a m'Zambia tidziwa cifukwa cake ca zonsezi. Pa 27 April 1993 ndeke ya asilikali ya mtundu wa Buffalo inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ndipo anthu 30 anatisiya, mwa iwo osewera mpira 18 a timu ya dziko lino. Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 linati injini ya kumanzere itagwira moto, woyendetsa anazimitsa ya kumanja imene inali yabwino, ndiponso kuti anali wotopa, popeza dzulo lake anaulutsa ndeke kucokera ku Mauritius. Siticita kuweruza akufa. Mulungu awapatse mpumulo wosatha. Tingoona kuti kutopa kumalanda nzeru ngakhale munthu waluso.

Nanga moyo wa mwana wokwera minibasi ndi wocepa kuposa wa munthu wokwera ndeke? Madalaivala ambiri amayamba nchito tambala asanalire, nkuweruka usiku, pofunafuna ndalama imene mwini basi aiyembekeza tsiku ndi tsiku. Ena a eni mabasiwo timakhala nao pa benchi imodzi m'chalichi.

Abale ndi alongo, lamulo lacisanu la Mulungu silikamba za mpeni ndi mfuti zokha. Amene muli ndi basi, mpatseni dalaivala wanu tsiku lopumula, mtumizeni kukapimitsa maso, ndipo wacinyamata ayambe wayenda ndi wamkulu asanamsiyire anthu. Nkhaniyi tiikambirane m'miphakati yathu mwezi uno.