Anamwino obwerera ku ntchito asabise zaka zimene anakhala pakhomo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa za anamwino amene anasiya ntchito kwa zaka zingapo ndipo tsopano akufuna kubwerera. Ine sindine wachipatala ayi. Ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulaimale ya kumudzi mpaka ndinapuma, koma poti ndimakhoza kulemba Chingerezi, makalata ambiri ofunsira ntchito kuno amayamba adzera pakhonde panga.

Posachedwapa kunafika mwana wa mlongo wanga, namwino amenenso ndi mzamba. Iyeyu anasiya ntchito mu 2016 amayi ake atadwala matenda opha ziwalo, ndipo anawadwazika mpaka pamene anatisiya mu 2022. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsono pa pepala la mbiri yake ya ntchito, lija ati CV, ndinapeza palembedwa kuti anagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2022 osadukiza. Nditamufunsa anati, "Amalume, mnyamata wa pa kompyuta kumsika kuja wati ndikalemba zoona sandiitana n'komwe." Ndinamuuza kuti pepala limenelo ayatsire moto.

Bodza lotere silifika patali. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limasunga mayina a anamwino onse ndi zaka zimene analipira chiphaso chawo chogwirira ntchito. Chipatala chimene munthu anachokako nachonso chili ndi mabuku a malipiro, ndipo a matroni amadziwana, lamya imodzi yokha nkhani yaululika. Koma ngakhale zisanaululike, ganizani: namwino ndi amene amalemba kuti wodwala wabayidwa jekeseni nthawi yakuti, wamwa mapiritsi angati, pakati pa usiku popanda womuona. Munthu amene wasuntha zaka 6 pa pepala lake, ndani angamukhulupirire pa pepala la wodwala?

Tinakhala pansi n'kulembanso. Pa malo a zaka zija tinaikapo mzere umodzi basi: "2016 mpaka 2022, ndinasiya ntchito kuti ndidwazike amayi anga kumudzi." Iye amafuna kufotokoza zonse, njala ya chaka chakuti, ngongole, maliro. Ndinamuletsa. Amene akuwerenga ali ndi makalata mulu patebulo, ndipo akufuna kudziwa zinthu ziwiri: unali kuti, nanga chimene chinakuchotsa pa ntchito chinatha kodi? Amene anasiya chifukwa cha uchembere, kapena kutsata mwamuna ku Joni, alembe chomwecho. Amene anadwala yekha angonena kuti anadwala ndipo anachira, dzina la nthendayo ndi lake.

Komanso tisadzikuze nazo. Kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda, kumuyeza kuthamanga kwa magazi, kumumwetsa mankhwala pa nthawi yake, zonsezi ndi ntchito ndithu ndipo nkoyenera kuzitchula. Koma kulemba kuti unali namwino woyendera odwala m'midzi pamene unali ndi wodwala mmodzi, mayi ako, limenelo ndi bodza lomwe lija langovala malaya ena.

Chimene ndinalimbikira kwambiri ndi mzere wotsatira, wonena zimene munthu wachita kuti abwerere. Za chipatala sizidikira munthu. Akuluakulu anzanga akukumbukira kuti malungo tinkamwera kolorokwini, mu 1993 kunabwera Fansidar, mu 2007 kunabwera LA. M'zaka zimene mwanayu anali pakhomo, mu 2019 boma linayamba kusintha ma ARV kupita ku a mtundu wa dolutegravir, chaka chomwecho n'kuyambitsa m'dziko lonse katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero. Mu 2020 kunagwa Covid-19, ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023 inavuta kuposa ina iliyonse imene dziko lino linaionapo. Zonsezi iye anangozimvera pa wailesi monga ine. Choncho ndinati asanatumize kalata kulikonse, ayambe wapita ku bungwe lija akafunse zoyenera kuchita kuti chiphaso chake chikhalenso chamoyo, ndipo maphunziro alionse amene angamuuze akawachite ndi kuwalemba pa pepalapo, mwezi ndi chaka. Safunsa anadya phula. Mzere umenewu ndiwo umayankha mantha a wolemba ntchito, osati kubisa zaka.

Tsopano mawu anga apite kwa abusa, ansembe ndi akuluampingo. Zipatala zambiri za kumidzi ndi za mishoni, zili pansi pa CHAM, ndipo ena a inu mumakhala m'makomiti ake. Mukaona zaka zopanda ntchito pa pepala la namwino, musafulumire kuganiza kuti anachotsedwa chifukwa choba mankhwala. Muitaneni mumufunse. Ngati pali chokayikitsa, funsani kumene anachoka. Ine ndinaona mu 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Pasukulu pathu panabwera aphunzitsi amene anali atasiya choko kalekale. Teremu yoyamba anavutika ndi mabuku atsopano, koma pomatha chaka ndiwo ankaongolera anyamata amene analembedwa ntchito asanapite ku koleji. Sindikuona chifukwa choti namwino asiyane ndi mphunzitsi pamenepa.

Chinanso, anamwinowa akabwera kudzapempha kalata ya umboni, chonde musamangolemba kuti ndi Mkhristu wokhulupirika wosajomba ku mapemphero. Zimenezo n'zabwino koma sizithandiza a matroni. Lembani zimene munaona ndi maso anu: kuti mumamudziwa kuyambira chaka chakuti, kuti m'zaka zakutizakuti anali m'mudzi muno akudwazika kholo lake, ndipo inu munkapita kukazonda. Abusa athu atalemba chotere, zaka 6 zija zinapeza mboni.

Mwana wa mlongo wanga uja kalata yake inapita ndi zaka zake zoona. Pamene ndikulemba pano sanayankhidwe, ndipo tsiku lililonse amandifunsa ngati sindinamulakwitse.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.