Chithunzi Chako ndi Chomwe Chili M'manja

Agogo anga aamuna atamwalira kwathu ku Bembeke, tinasowa chithunzi choika patsogolo pa bokosi. Zidzukulu tonse tinkawajambula kawirikawiri pa foni, koma foni ina inabedwa, ina inagwera m'chitsime, ndipo ina memori khadi yake inafa. Chinatipulumutsa ndi chithunzi cha m'zaka za m'ma 1980 chomwe agogo aakazi anasunga m'Baibulo. Agogo aima pambali pa njinga yawo, atavala jekete lochingira chisanu cha ku Dedza.

Chithunzichi chinajambulidwa ndi mmodzi mwa ojambula oyendayenda omwe ankafika m'midzi, kamera ili pakhosi. Munthu ankasamba, n'kudzola, n'kubwereka nsapato ngati analibe, chifukwa filimu inkangotenga zithunzi 24 kapena 36 basi. Kenaka ankadikira masabata angapo kuti filimu ikatsukidwe kutauni, mtima uli m'mwamba kuopa kumva kuti zithunzi zapsa.

Makamera amakono atabwera, ambiri anati filimu yatha. Kampani ya Polaroid, yomwe kamera yake inkatulutsa chithunzi pompopompo, inasiya kupanga filimu yotere mu 2008, ndipo Kodak inagwa pachuma mu 2012. Koma zinthu zinatembenuka. Anthu okonda filimu anatsitsimutsa fakitale ya Polaroid ku Enschede m'dziko la Netherlands, Kodak inabwezeretsa filimu ya Ektachrome mu 2018, ndipo makamera a Instax a kampani ya Fujifilm akugulidwa kwambiri ndi achinyamata omwe anabadwira m'nyengo ya foni.

Ena anganene kuti izi n'zosangalatsa ana a opata chabe. Sakunama. Filimu ndi yodula, imachokera kunja, ndipo mlimi wa mbatatesi sangasiye feteleza n'kukagula kamera yotere. Foni yathandizanso osauka kujambula popanda kulipira aliyense. Choncho sindikunena kuti titaye mafoni. Chomwe ndikuona n'chakuti achinyamata akunjawo azindikira mfundo yomwe ife tikuinyozera: chithunzi chosagwirika sichikhalitsa. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ife a ku Dedza sitifunika kuphunzira zimenezi kunja. M'mapanga a ku Chongoni muli malo 127 a zithunzi zomwe Akafula ndi makolo athu Achewa anajambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Tikudziwa za chinamwali ndi zilombo za Nyau zamakedzana chifukwa ojambulawo anasankha thanthwe.

Pempho langa kwa ophunzira anzanga n'losavuta. Pa zithunzi mazanamazana zomwe zadzaza m'foni, tisankhepo zisanu pachaka, makamaka za makolo ndi agogo, tikazisindikize papepala. Kumbuyo kwake tilembe dzina, mudzi ndi chaka. Tikapanda kutero, zidzukulu zathu zidzadziwa nkhope ya agogo a mu 1980, koma yathu ayi.