Mipanda ya kwa Maganga ndi kanjira kopita kudooko

Munthu amene ankaidziwa Senga Bay zaka 20 zapitazo akabwererako lero, chimene chimayamba kumudabwitsa ndi mipanda. Kuchokera paboma la Salima kukafika kugombe pali mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndipo pamene ukuyandikira madzi mipanda ya njerwa imanka nichuluka. Ina yazinga nyumba zokongola zogona alendo, ina yazinga maziko amene anaima zaka zapitazo, ina yangozinga udzu ndi mtengo umodzi wa mango. Eni ake ambiri sakhala kuno. Ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Joni ndi maiko a kutsidya kwa nyanja. Amafika Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamulungu, ndipo m'kati mwa sabata pachipata pamatsala mlonda ndi galu.

Dera limeneli ndi la Mfumu Yaikulu Maganga, ndipo zifukwa zomwe anthu akulithamangira n'zosabisika. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita ongopitirira 100, motero palibe gombe lina lomwe munthu wa mumzindawo angafikeko msanga chonchi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, pafupifupi 478,000 mwa iwo ali m'boma la Salima, pomwe nthaka ndi yomwe ija. Kwacha nayo inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi kangachepe kubanki anaona ndalama yawo ikusungunuka ngati mchere m'ndiwo, pamene anzawo ogula mapuloti sanadandaule. Lero wopuma pantchito akangolandira ndalama zake za penshoni, aliyense womufunira zabwino amamuuza chimodzimodzi: gulani malo.

Tisanamizane, awerengi okondedwa. Ogulawa ndife tomwe: aphunzitsi, anamwino, asilikali opuma, amalonda, anthu amene timakhala nawo pabenchi imodzi Lamulungu. Ndipo palibe cholakwika kuti bambo amene wakhala zaka 30 akulipira lendi ku Area 25 kapena kwa Chinsapo afune pogona pakepake, poti ana ake adzapatchule kuti kwathu. Funso lomwe tiyenera kulisinkhasinkha n'lakuti, munthu akagula malo amakhala atagula chiyani, nanga n'chiyani chimene chimatsalabe m'manja mwa anzake ngakhale iye walipira?

Yankho lina lachokera kumene sitinkayembekezera, ku nyumba zosanjikizana za m'tauni. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Sectional Titles Act. Lisanabwere lamuloli, chikalata cha umwini chinkakhala chimodzi, cha nthaka yonse pamodzi ndi chilichonse chomangidwa pamenepo, kotero kuti wokhala m'fulati ya pamwamba ankangokhala walendi. Tsopano banja lina likhoza kugula fulati ya pamwamba, lina ya pansi, lililonse n'kukhala ndi chikalata chake chomwe lingasiyire ana kapena kupereka kubanki ngati chikole. Koma umwini wa mtundu umenewu uli ndi mbali ina yomwe ogulitsa saitchula kwambiri. Makwerero, denga, mapaipi a madzi, ngalande ya zonyansa ndi pabwalo poimika magalimoto ndi za eni mafulati onse pamodzi. Amapanga bungwe lawo, amasonkha ndalama zokonzera zowonongeka, ndipo palibe amene anganene kuti popeza ndagula fulati ya pansi, nditseka makwerero.

Dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo lotere mu 1971, ndipo abale athu amene akhalapo ku Hillbrow mumzinda wa Johannesburg akudziwa zomwe zimachitika dongosololi likatayika. M'nyumba zina eni mafulati anasiya kusonkha, zikepe zinafa, madzi ndi magetsi zinadulidwa, nyumba zitalizitali zinasanduka mabwinja anthu ali momwemo. Aliyense anali ndi chikalata chake chabwinobwino m'sutikesi. Chimene chinagwetsa nyumbazo ndi zinthu za onse zija, zomwe aliyense ankati akonza mnzake.

Mudzi wa m'mbali mwa nyanja nawo uli ndi makwerero ake. Pali kanjira kodutsa pakati pa minda komwe amayi amatsikira kudooko kukachapa ndi kutsuka mbale. Pali mchenga pomwe asodzi amayanikapo ndi kusokerapo chilimila, pali pokocheza mabwato, pali matandala oyanikapo usipa, pali manda, pali dambo lodyetsako mbuzi. Pitani ku Nguwo m'mamawa mabwato akamakocheza, muone unyinji wa anthu amene chakudya chawo cha tsikulo chimadalira kuti mapazi awo afike pamadzi: alovi, amayi ogula nsomba, anyamata onyamula mabeseni, akabaza, ophika tiyi. Kusiyana kwake ndi nyumba yosanja ya ku Lilongwe n'kwakuti makwerero a mudzi sanalembedwe papepala lililonse, ndipo alibe bungwe lowalankhulira.

Zimachitika motere. Wogula woyamba amamanga mpanda wake mpaka m'madzi. Wachiwiri, amene wagula moyandikana naye, amalumikiza wake pa wa mnzakeyo kuti asaononge njerwa. Kanjira kaja kafa, koma mukafunsa amene anakagulitsa simumupeza, pakuti aliyense anagula munda basi. Mayi amene ankangotsika ndi ndowa yake tsopano amazungulira mtunda wautali, ndipo mwana wobadwira m'mudzimo amakula akuiona nyanja kudzera pa mpata wa geti. Mlanduwu ndi wovuta chifukwa ulibe mwini. Palibe amene anadzuka n'cholinga chozunza anthu, komabe anthu azunzika.

Kagulitsidwe kakenso kafunika kukaunika. Kwa Ayao ndi Achewa omwe, nthaka ya makolo imayenda mwa amayi. Munda ndi wa mbumba, ndipo mwinimbumba ndi woyang'anira chabe. Koma amene amakumana ndi wogula nthawi zambiri ndi atsibweni, kapena mnyamata amene akufuna thiransipoti ya ku Joni, atatsogozedwa ndi dobadoba yemwe amadya mbali zonse ziwiri. Kalata imalembedwa, chidindo cha anyakwawa chimamenyedwa, mboni ziwiri zimasaina, ndipo alongo eni munda amamva nkhaniyo tsiku lomwe lole yabwera kudzatsitsa njerwa. Wogula amabwerera ku Lilongwe mtima uli m'malo, osadziwa kuti wagula mlandu umene udzatsalire mkazi wake ndi ana iye atapita.

Sindikufuna kuwaweruza mopepuka ogulitsawa. Nsomba zachepa m'nyanja, feteleza wakwera mtengo, fizi ikudikira, ndipo munthu akakuikira pamphasa ndalama zimene sunazigwirepo chibadwire, mtima umagunda. Chondimvetsa chisoni n'chakuti ndalama ya puloti siichedwa. Malata agulidwa, njinga yamoto ya kabaza yagulidwa, ngongole zabwezedwa, maliro agwa, ndipo chaka chisanathe yatha. Patsala ntchito ya ulonda pa nthaka yomwe agogo ake analima.

Malamulo alipo, ndipo si oipa. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, linakhazikitsa makomiti a malo kwa gulupu aliyense. Wapampando amakhala gulupuyo, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera 3 mwa iwo ayenera kukhala amayi. Banja likhoza kulembetsa malo ake kudzera m'komitiyi n'kulandira chikalata chovomerezeka ndi boma. Mu 2022 malamulo a malo anakonzedwanso: analetsa kugulitsa malo a lizi amene sanamangidwepo kanthu, ndiponso anaika malire okhwima pa anthu a maiko ena ofuna malo m'dziko muno. Lamulo la mapulani a zomangamanga la 2016 linaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa dongosolo lakuti womanga ayambe wapeza chilolezo. Mzimu wa malamulo onsewa ndi umodzi: mfumu ndi wosunga nthaka m'malo mwa anthu ake, ndipo kalata yake payokha si chikalata cha umwini. Vuto ndi liwiro. Ntchito yolembetsa malo inayamba moyesera m'maboma monga Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo ikuyenda pang'onopang'ono, pamene dobadoba ndi foni yake sagona tulo.

Owerenga Buku Lopatulika akukumbukira mmene Abrahamu anagulira munda wa ku Makipela pa Genesis 23. Mwini wake anafuna kungomupatsa, koma iye anaumirira kulipira masekeli 400 a siliva, ndipo anachita zimenezi pachipata cha mudzi, Ahiti onse akuona ndi kumva. Malonda a nthaka amene sangapirire maso a mudzi wonse ali ndi chobisika, ndipo wogula wowopa Mulungu ayenera kudabwa akauzidwa kuti tikumane pa sitolo madzulo, enawo tiwauza bwino.

Pali mwini malire wina amene sasaina kalata ya munthu, ndiye nyanja yomweyo. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi anatsika kwambiri, mpaka magetsi ankazimazima chifukwa mtsinje wa Shire unalibe mphamvu zokwanira zopukusira makina. Amene anagula malo nthawi imeneyo anaona mchenga wautali ndipo anauwerengera ngati gawo la puloti yawo. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mlingo wa nyanja zamchere, ndipo ku Salima, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota madzi analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, nagwetsa mipanda. Eni malowo anapempha kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri, koma madzi otuluka kumeneko amathera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kulinso anthu ndi minda yawo. Bungwe la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti sikololedwa kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477, womwe ndi pafupi ndi pomwe madzi anafika mu 1980. Nyanjayi yakhala ikupuma chonchi kuyambira kale: pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka kusiya kutsirira mu Shire. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo amene anamanga pamchenga wa 2017 analipira mtengo wa njerwa zawo kawiri.

Chodabwitsa n'chakuti mzere umene lamulo laletsa kumangapowo ndi womwewo umene mudzi umaufuna kuti ukhale wa onse. Mchenga wa m'mphepete mwa madzi ukanasiyidwa wopanda mpanda, wogula sakanataya chuma chake mu 2024, ndipo msodzi sakanasowa poyanika ukonde wake.

Anthu a m'boma la Salima si alendo pa nkhani yosamala zinthu za onse. Ku chilumba cha Mbenje, kwa Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse m'nyengo ya dzinja mpaka mu Epulo, ndipo lamuloli lasungidwa kwa zaka zambiri ndi mphamvu ya mfumu ndi anthu ake, popanda kudikira apolisi. Ngati mudzi ungathe kutseka nyanja kwa miyezi ingapo kuti nsomba ziswane, ungathenso kunena kuti kanjira aka, dooko ili ndi manda awa sizigulitsidwa kwa wina aliyense, pa mtengo wina uliwonse. Chofunika n'chakuti mafumu a kwa Maganga, makomiti a malo, makomiti a asodzi a m'magombe ndi khonsolo ya Salima akhale pansi, azindikire njira zonse zopita kumadzi, aziike pa mapu ndi kuzikhomera zikhomo, mapuloti otsalawo asanagulitsidwe. Kuchita zimenezi lero n'kotchipa. Kudzagumula mpanda wa munthu amene ali ndi loya ku Lilongwe ndi nkhani ina.

Kwa inu amene muli ndi ndalama za penshoni m'manja ndipo mwamva za puloti yabwino kunyanja, musathamange chifukwa dobadoba wanena kuti pali wina akuifunanso. Funsani kuti munda umenewu ndi wa mbumba iti, ndipo muwaone ndi maso anu amayi a mbumbayo. Onanani ndi komiti ya malo, mukafunse ku ofesi ya za malo kuboma ngati pamalopo palibe lizi ya munthu wina, ndipo musatulutse ndalama yonse pa tsiku limodzi. Mukatero, pitaninso pamalopo m'mamawa dzuwa lisanatuluke, mopanda wokuperekezani, mukaime pambali ndi kuona kumene anthu akudutsa ndi ndowa, nkhafi ndi mabeseni awo. Pomwe udzu wafa ndi mapazi ndi pomwe mpanda wanu uyenera kulekezera. Amayi odutsa pamenepowo ndiwo angakulozereninso pomwe madzi anafika mu 2024, ndipo achikulire mwa iwo akukumbukira mtengo umene anamangirirapo bwato mu 1980.