Chitseko cha pikiapu chikamafuna kunyamulidwa

Kumudzi kuno pikiapu ndi ambulansi, ndi basi, ndiyonso imatitengera ana asukulu kumpira. Koma pa ma Hilux ndi ma Nissan akale amene ndimakwera, ambiri chitseko cha dalaivala sichitsekeka pokhapokha achinyamule kaye n'kuchimenyetsa. Eni ake amati wafa ndi loko. Ine ndikuti nthawi zambiri loko amangonamiziridwa.

Vuto limayambira m'mahinjesi. M'kati mwa hinjesi muli pini, ndipo piniyo amazungulira m'timabushi, kawirikawiri tamkuwa. Timabushito anatipanga dala tofewerapo kuti tizitha ndi ito, chitsulo cha hinjesi chizitsala. Fumbi la m'misewu yathu likalowamo limakhala ngati sandipepa.

Pano mundilole ndilankhule ngati mphunzitsi. Tiyerekeze chitseko cha makilogalamu 30, chotalika mita imodzi kuchoka pamahinjesi, ndipo mahinjesi awiriwo atalikirana masentimita 30. Hinjesi yapamwamba imakokedwa ngati yamangiriridwa katundu wa makilogalamu 50. Munthu akayedzamira kumapeto kwa chitsekocho ndi mphamvu ya makilogalamu 20 okha, wawonjezerapo ena oposa 60. Ndiye taganizani za anzathu a matola amene amalendewera pachitseko potolera ndalama!

Kuyeza kwake sikulira ndalama. Tsekulani chitseko pang'ono, gwirani kumapeto chakunsi, nyamulani. Mnzanu aziyang'ana pamahinjesi. Ngati pini akugwedera m'malo mwake, mabushi atha. Ngati hinjesi yonse ikusuntha, onani mabawuti, mwina angomasuka. Koma ngati chitsulo cha galimoto chang'aluka pomwe pagwira hinjesi, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera. Onaninso kachitsulo komwe loko amakola: kakamanyezimira pamwamba, chitseko chikumakakwera potseka.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chotsitsa kachitsulo kameneka kuti chitseko chizitsekeka msanga. Chimatsekekadi, koma mahinjesi akupitirizabe kudyeka, mvula ndi fumbi zikulowa pamwamba, ndipo loko wosakola bwino atha kutsekuka pabampu muli mwana pafupi.

Posintha, chirikizani chitseko ndi jeke, mutayika thabwa ndi kansalu pakati, wina achigwire. Lembani mzere kuzungulira hinjesi musanamasule mabawuti kuti ibwerere pamalo pake. Samalani mawaya ngati mawindo ndi amagetsi. Pa galimoto zina mutu wa pini ndi wosulidwa, umayamba wapalidwa ndi girayinda. Sinthani pini ndi mabushi pamodzi, chifukwa pini wokumbika amadya bushi watsopano msanga.

Mukapeza kuti bowo la hinjesi silinso lozungulira bwino, mabushi ogula sangakhale. Pitani kwa amisiri a makina osema zitsulo akupangireni okulirapo, kapena mugule hinjesi yathunthu kwa ophwasula galimoto, koma muigwedeze kaye musanalipire. Girisi muziika nyengo yamvula ikamayamba ndi ikamatha, mutapukuta kaye wakale wodzadza mchenga uja.