Zolaula zankhanza: Britain ikukangana pa funso lolakwika

Anthu a ku Britain akangoyamba kukangana za mafilimu olaula osonyeza nkhanza, mkangano umakathera pamalo amodzimodzi: kodi umboni uli kuti wosonyeza kuti kuonera zimenezi kumasandutsa munthu chigawenga? Funsoli landikwana. Boma linachita bwino kuletsa zithunzi zotere, ndipo panalibe chifukwa chodikira kuti akatswiri amvane kaye.

Lamuloli linabadwa pamaliro. Mu March 2003, mphunzitsi wa zaka 31, Jane Longhurst, anaphedwa pokanyangidwa pakhosi ndi Graham Coutts. M'khoti zinamveka kuti Coutts ankakonda kuonera pa intaneti zithunzi za akazi akukanyangidwa. Mayi ake a malemu, a Liz Longhurst, sanangolira n'kukhala pansi. Mothandizidwa ndi phungu Martin Salter, anasonkhanitsa masiginecha okwana 50,000, mpaka mu 2008 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kuti kusunga zolaula zankhanza kwambiri ndi mlandu, womwe chilango chake chingafike zaka zitatu m'ndende. Mu 2015 anawonjezerapo zithunzi zosonyeza kugwiririra.

Otsutsa lamuloli, monga gulu la Backlash, amati akuluakulu ogwirizana asalowereredwe m'chipinda chawo, ndiponso kuti mamiliyoni amaonera osapha munthu. Amathamangiranso ku Denmark, komwe zithunzi zolaula zinaloledwa mu 1969 ndipo katswiri Berl Kutchinsky anapeza kuti milandu yokhudza kugonana sinakwere monga ambiri ankaopera. N'zoona. Koma za mu 1969 zinali magazini amene munthu wamkulu ankachita kukagula m'sitolo. Lero zili m'foni ya mwana wasukulu, pansi pa bulangete, usiku makolo ali mtulo. Lipoti la mu 2023 la ofesi yoona za ana ku England linapeza kuti, mwachiwerengero chapakati, ana amayamba kuona zolaula ali ndi zaka 13. Kutchinsky sanafufuze dziko limenelo.

Ndiye chimene chimandidetsa nkhawa si Coutts wachiwiri yekha ayi. Ndi mnyamata wamba, wopanda maganizo opha, amene waphunzira pafoni kuti kufinya mkazi pakhosi ndi mbali ya chikondi, komanso mtsikana amene waphunzira kuti akakana aoneka wotsalira. Khosi si malo oseweretsa: magazi akangoleka kufika ku ubongo kwa kanthawi kochepa, munthu amakomoka, ena n'kuvulala ubongo. N'chifukwa chake kuyambira mu June 2022, kukanyanga munthu pakhosi ndi mlandu paokha ku England ndi Wales, ngakhale wokanyangidwayo asafe. Ndiye zingatheke bwanji kuti chinthu chikhale mlandu m'nyumba, koma chikhale malonda pa intaneti? Baroness Bertin, amene anafufuza nkhaniyi, mu lipoti lake la February 2025, analangiza boma kuti zithunzi zosonyeza kukanyanga pakhosi ziletsedwe, ndipo ndikugwirizana naye.

Pamodzi pokha ndi pomwe otsutsa ali ndi mfundo yolemera. Mu 2012 loya Simon Walsh anazengedwa mlandu pansi pa lamulo la mu 2008 lija chifukwa cha zithunzi za akuluakulu ogwirizana. Khoti linamupeza wosalakwa, koma mbiri yake inali itaipitsidwa kale ndipo udindo wake ku London unali utatha. Zimenezi zinali zopanda chilungamo. Komabe zikungotiuza kuti lamulo lilembedwe momveka, ndipo lilunjike makamaka makampani amene amalemera ndi mafilimuwa, m'malo mothamangitsana ndi munthu mmodzi wa foni m'thumba.